Chepetsa Liwiro, Tione Bwino

Chitedze anali pa makina akumaliza mpendero wa diresi la kasitomala pamene mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, anatulukira pakhomo la shopu ali wefuwefu, patapata ali kuphazi limodzi lokha.

"Siya zimenezo, mlamu! Achimwene ako apita ku situdiyo. Atenga chitsulo!"

"Chitsulo chanji?"

"Ukufunsa ngati ukufuna kuchigula? Thamanga, atiphera mwana wa eni ake!"

Chitedze anadumpha mulu wa nsalu n'kuliyatsa liwiro, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Dzina la Chitedze analipata ali wamng'ono, poti aliyense womuputa ankachoka akudzikanda. Koma ukali wake unali wa pakamwa pokha. Achimwene ake, owotcherera zitsulo amene msewu wonse unkawatcha a Nyundo, analibe nthawi yokangana ndi pakamwa. Ndiwo anamulera makolo atamwalira, ndipo chibwenzi chake ndi mnyamata wojambula zithunzi sanakondwere nacho chiyambire. Mnyamatayo anthu ankangomutcha Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene ankakhalira kuuza makasitomala asanadine kamera.

"Mwamuna wanji wodyera mano a anthu ena?" ankatero a Nyundo.

Iwo mtima wawo unali pa mnzawo wa kalekale, dalaivala wa minibasi wotchedwa Hutala, amene m'mawa uliwonse ankaima pakhomo pa shopu n'kuliza hutala mpaka Chitedze atatukula mutu. Chitedze anali atamukana kangapo, komaliza pamaso pa kondakitala wake ndi anthu odzaza minibasi, ndipo anthuwo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

*

Phokoso analimva asanakhote pangodya. Galasi linasweka, phwaa, kenako mawu a achimwene ake anabangula ngati injini ya lole. Anthu anali ataunjikana pakhomo la situdiyo, ena atakwera pa njerwa kuti aone bwino, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wolowa kukaleretsa.

Chitedze anawakankha n'kulowa. Mafulemu a zithunzi za maukwati ndi za ana anali mbwee pansi. Nyali zazikulu zojambulira zinali zitagwa, nsalu ya buluu ya pakhoma itang'ambika pakati. Mwetulirani anali pakona atadzipinda, dzanja lamanja atalipanira m'khwapa. Magazi ankatsika pachipumi, kudutsa padiso, mpaka pa kolala ya shati yake yoyera.

"Dzuka!" anakuwa a Nyundo. "Dzanja lomenyera akazi lija walibisa kuti? Litulutse ndilionenso!"

"Alamu, tandimverani kaye..."

"Mlamu wako ndani?"

Nsapato ya kuntchito inamupeza m'nthiti, Mwetulirani n'kubuula ngati wathiridwa madzi otentha. Chitsulo chinakwera m'mwamba. Chitedze analumpha n'kukangamira mkono wa achimwene ake. A Nyundo anaukutumula osayang'ana, chigongono chinamupeza Chitedze pakamwa, iye n'kukagwera pa kauntala. M'kamwa munadzaza magazi. Analavula, n'kudzuka, n'kudziponya pamwamba pa Mwetulirani.

"Yambani ndi ine, achimwene! Menyani ine!"

Chitsulo chinaima m'malere. A Nyundo ankapuma ngati akoka ngolo.

"Choka apo, iwe."

"Sindichoka. Wakulakwirani chiyani?"

"Ukundifunsa ine?" Anapisa m'thumba la ovolo, natulutsa foni, n'kumuikira pamphuno penipeni. "Uyu ndani? Tanena, uyu ndani?"

Chinali chithunzi choyenda, chopanda mawu, chachifupi kwambiri. Chitedze anadziona ataima pa siteji ya basi, atavala diresi lake lachikasu. Dzanja la Mwetulirani linauluka n'kumupeza pa tsaya, mutu wake unapotoka, iye n'kugwa pansi. Chithunzicho chinayambiranso chokha. Dzanja, tsaya, pansi. Dzanja, tsaya, pansi. Mbama inkagwa mosalekeza, ndipo ngakhale mwini tsayayo anatsala pang'ono kukhulupirira.

"Sizinali choncho," anatero. "Inali njuchi. Inakodwa m'tsitsi langa, iye n'kuichotsa. Ine ndinadzidzimuka, ndinapunthwa pa mwala..."

"Unapunthwa." A Nyundo anaseka kuseka kowawa. "Amayi ankati chiyani bambo akawamenya? Iwe unali khanda, sukumbuka. Ine ndimakumbuka. Ankati ndapunthwa pakhomo. Ankati ndawombana ndi chitseko. Khutu linagontha akunenabe kuti anapunthwa. Tinakawaika m'manda akunenabe zomwezo. Tsono iwe wayamba kale kupunthwa usanalowe n'komwe m'nyumba mwake?"

Achimwene ake sankatchula za amayi, ngakhale ataledzera.

"Wakutumizirani ndani chimenechi?" anafunsa Chitedze chapansipansi.

"Munthu amene amakufunira zabwino. Hutala. Anakujambulani ali m'minibasi mwake."

Pansi pake Mwetulirani anagwedezeka. Chitedze anayesa kuti akulira, koma ankaseka, kuseka kotuluka ndi magazi.

"Hutala," anatero movutikira. "Anabwera muno sabata yatha. Ankati akufuna kuseketsa anzake ndi chithunzi cha galu wothamangitsa nkhuku. Ndinamuphunzitsa ndine kuthamangitsa chithunzi, pa kompyuta yomwe ili kuseriko." Anatukula mutu n'kuwayang'ana a Nyundo ndi diso limodzi lomwe linali likuonabe. "Ndipatseni foniyo tiiike pa kompyuta. Mukaona mbama, chitsulo muli nacho kale. Dzanja lina latsala."

*

Kachipinda ka kompyuta kanali kuseri kwa katani, ndipo chitsulo cha a Nyundo chinali chisanafikeko. Munali tebulo, mpando umodzi, ndi makina osindikizira zithunzi. Mwetulirani anayesa kugwira mausi, koma zala zake zinali zitatupa ngati nthochi, ziwiri zitakhotera kumbali. Anakukuta mano n'kutsamira khoma.

"Khala iwe, Chitedze. Ndikuuza pogwira."

Chitedze anakhala. A Nyundo anaima kumbuyo kwake, chitsulo chili paphewa, fungo la utsi wa kuwotcherera ndi thukuta litadzaza kachipindako. Mkazi wa a Nyundo naye anali atafika, nasuzumira pa katani akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu.

"Lumikiza foni ndi chingwe chakuda icho. Eya. Tsopano tsegula pulogalamu ya chizindikiro chobiriwira, ukokere chithunzicho m'kati mwake."

Chitedze analumikiza foni n'kutsegula pulogalamuyo. Chithunzi chija chitatseguka chinali chachikulu ngati zenera, ndipo mbama inaoneka yoopsa kuposa pa foni. A Nyundo anatsitsa chitsulo paphewa.

"Dikirani, chonde," anatero Mwetulirani. "Chithunzi choyenda ndi zithunzi zambirimbiri zosanjikizana ngati makadi. Chilichonse chimauzidwa nthawi yoti chikhale chisanabwere chinzake. Iye wafupikitsa nthawiyo basi. Foni imangomvera zimene yauzidwa, koma kompyuta ungathe kuiuza kuti idekhe."

"Sindinabwere kusukulu."

"Chitedze, pansi pa chithunzipo pali kamzere, pakati pake pali kadontho. Ukakakokera kumanja chithunzi chimathamanga. Kokera kumanzere."

Chitedze anagwira kadontho kaja n'kukakoka. Mwamantha anakakokera kumanja. Mbama zinagwa ngati matalala, pa-pa-pa-pa, ndipo mlamu wake anakuwa.

"Kumanzere, mayi!" anatero Mwetulirani. "Ukufuna andimalize?"

Anakabweza. Chithunzi chinayamba kufooka ngati munthu wotopa. Dzanja la Mwetulirani linasiya kuuluka, linayamba kukwera mwaulemu. Silinali lotambasula ngati la mbama, zala ziwiri zinali zitatsogola ngati za munthu wotola ulusi pa malaya. Zinadutsa tsaya osalikhudza, n'kulowa m'tsitsi pamwamba pa khutu.

"Chepetsanso liwiro," anatero Mwetulirani. "Tione bwino."

Kanthu kakang'ono kakuda kanatuluka m'tsitsimo n'kuuluka chokhotakhota kulowera kumwamba. Chitedze wa pa sikirini anatembenuza mutu kukathawa, pakamwa pali yasa, mano onse ali pamtunda. Ankaseka. Chidendene chake chinagunda mwala wa m'mphepete mwa msewu, ndipo Mwetulirani anaponya manja onse awiri kuti amugwire.

Chitsulo chinatsetsereka m'dzanja la a Nyundo n'kugwa pa simenti, ngwe!

"Njuchi," anatero mlamu wake. "Bambo a ana, ndi njuchidi. Mwathyola munthu chifukwa cha njuchi."

Chitedze anapumira m'mwamba, natambasula dzanja kuti atseke pulogalamuyo. Koma chithunzi chinali chikuyendabe pang'onopang'ono, chikufika pamene iye ankagwa. Mlamu wake anasendera pafupi, natsinzina maso pang'ono, kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine!"

"Chiyaninso?" anafunsa a Nyundo.

"Palibe. Palibe, tiyeni tizipita."

A Nyundo anayang'ana mkazi wawo, nayang'ana sikirini. Anachotsa dzanja la Chitedze pa mausi ngati akuchotsa tsamba, n'kuikapo chidzanja chawo chakuda ndi mwaye. Anakokera kadontho kaja kumanzere mpaka kumapeto kwa mzere. Chithunzi chinangotsala pang'ono kuima.

Munthu akamagwa amaponya manja pansi kuti adzitchinjirize. Chitedze wa pa sikirini sanatero. Manja ake onse awiri anathamangira pamimba n'kuifungatira, iye n'kupotoza thupi kuti agwere pa ntchafu. Mphepo inamatiza diresi lachikasu pathupi, ndipo pamene manjawo anagwira panali potukuka pang'ono.

A Nyundo anali bambo wa ana. Sanafunikire kuuzidwa.

Chitedze anali akudziwa kwa kanthawi ndithu. Ankadikira tsiku labwino loti amuuze Mwetulirani, tsiku loti achimwene ake afewe mtima, koma tsikulo silinkafika. Tsopano chinsinsi chake chinali pa sikirini, chikubwerezabwereza mosafulumira kuti aliyense aone.

"Chitedze?" Mawu a Mwetulirani anali aang'ono ngati a mwana. "Ndi zoona?"

Asanayankhe, a Nyundo anali atamugwira kale Mwetulirani pakhosi n'kumukhomera kukhoma, mapazi ake akulendewera. Makina osindikizira anagwa pansi.

"Sunamumenye, koma wamuwononga! M'nyumba mwanga, ine ndili moyo!"

Chibakera chinabwerera m'mbuyo. Chitedze sanakangamirenso mkono. Anaimirira n'kulowa pakati pawo, nkhope yake pafupi ndi ya achimwene ake, natsitsa mlomo wake wam'munsi ndi chala kuti aone pamene panang'ambika.

"Taonani apa, achimwene. Taonani bwino. Chibadwire changa palibe mwamuna amene ananditulutsapo magazi. Woyamba ndinu, lero. Anthu akandifunsa mawa, ndidzati ndinapunthwa?"

Nkhope ya a Nyundo inasintha ngati awathira madzi ozizira. Anayang'ana mlomo wa mlongo wawo, nayang'ana chibakera chawo. Zala zinamasuka, Mwetulirani n'kutsetsereka kukhoma akutsokomola. A Nyundo anakankha katani n'kutuluka.

*

Panja hutala inalira kawiri, monyada. Hutala anali ataimika minibasi tsidya lina la msewu, chigongono chili pazenera, akudikira kuona mdani wake akutulutsidwa chonyamula.

"Bwanji akulu?" anakuwa ataona a Nyundo. "Mwamuphunzitsa mwambo?"

A Nyundo anawoloka msewu osayang'ana magalimoto. Chitedze anafika pakhomo nthawi yoti aone manja awo akulowa pazenera la minibasi n'kumusolola Hutala ngati thumba la makala. Anamumenyetsa pa chitseko, kenako pa galasi lakutsogolo, galasilo n'kuchita ming'alu ngati ukonde wa kangaude.

"Wandisandutsa galu wako! Wandituma kukapha munthu wosalakwa! Mlongo wanga ndi woyembekezera, ndamumenya ndi dzanja langali chifukwa cha iwe!"

Msewu wonse unamva. Azimayi ogulitsa pa khonde anayang'anizana. Chitedze analakalaka nthaka itang'ambika.

Anthu amene anaopa kuleretsa m'situdiyo tsopano anathamangira, poti Hutala anali atayamba kutembenuza maso. Amuna angapo anawagwira a Nyundo. Hutala anakwawira pansi pa minibasi, natulukira mbali ina, dzino limodzi palibe. Ali patali anatembenuka n'kumuloza Chitedze ndi chala chamagazi.

*

Kuchipatala anamusoka Mwetulirani pachipumi, dzanja analiika m'chikhakha mpaka m'chigongono. Dzuwa linali litapendeka pamene anesi anamulola Chitedze kulowa. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mlomo utatupa.

"Tikufanana tsopano," anatero Mwetulirani. "Atatijambula lero, palibe angamwetulire."

"Usandiseketse, pakundiwawa."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa ine?"

"Kuopa kuti ukamva uthamangira kwa achimwene kukadziwonetsa, iwo n'kukuthyola."

"Ndiye wandipulumutsa kwambiri," anatero akutukula chikhakha. Chitedze anaseka, misozi n'kutsika nthawi yomweyo. Mwetulirani anatambasula dzanja lamanzere n'kuliika pamimba pake mwamantha, ngati akuopa kuti pangasweke.

"Ndikangotuluka muno ndikutumiza amalume kwanu. Achimwene ako akafuna athyolenso dzanja latsalali, koma iwe ndikukutenga. Mwana wanga sabadwira kwa eni."

Foni ya Chitedze inanjenjemera m'thumba la epuloni. Unali uthenga wa Hutala: "Unandiseketsa pagulu, lero wandichotsetsa dzino. Usaganize kuti zatha." Anautseka msanga.

"Ndani?"

"Kasitomala wa diresi lija. Ndikubwera, ndikakutungire madzi."

*

M'khonde la chipatala anapeza mlamu wake atagwada pa simenti, atagwira miyendo ya mayi wina wamtali wovala magalasi. Chitedze anamuzindikira. Anali mchemwali wake wamkulu wa Mwetulirani, mwini situdiyo, amene anamugulira mlongo wakeyo kamera yoyamba. Anali atakumanapo kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo mayiyo anamuyang'ana Chitedze kuyambira kumutu mpaka kuphazi osamupatsa dzanja.

"Mlamu, awatenga!" analira mkazi wa a Nyundo. "Apolisi awatenga bambo a ana pa ntchito pomwe, awamanga maunyolo ana akuona. Tawapepesa mayiwa, mwina iwe akumvera!"

Chitedze anagwada nayenso.

"Achemwali, chonde. Achimwene ananamizidwa. Alakwa kwambiri, koma ananamizidwa."

"Usanditche achemwali," anatero mayiyo osakweza mawu. "Situdiyo yanga yasanduka bwinja. Mlongo wanga sadziwa ngati zala zija zidzagwiranso kamera. Banja lanu ndi la zitsulo, ife kwathu sitinazolowere. Mlanduwu ndakadandaula ndine, ndipo ndingathe kukautseka mawa m'mawa. Koma iwe uchoke pa moyo wa mlongo wanga, usadzapondenso pakhomo pake. Sankha wekha."

Mlamu wake anatembenukira kwa Chitedze, maso ali psuu, n'kumugwira epuloni.

Chitedze anaimirira pang'onopang'ono.

"Sindingachoke, mayi. Ndili ndi pakati. Mwanayu ndi magazi anu."

Ankayembekeza kuti mayiyo adzidzimuka. Koma anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, modekha.

"Za pakatizo ndamva kale. Ndakumana ndi dalaivala wina ku polisi, wopanda dzino, naye amadzadandaula za mlongo wako yemweyo. Walumbira pamaso pa apolisi kuti wamenyedwa chifukwa mimbayo ndi yake. Akuti m'mawa uliwonse amaima pa shopu yako, ndipo msewu wonse ungachitire umboni."

"Bodza! Limenelo ndi bodza!"

"Mwina. Ukamuuze ameneyo."

Mayiyo analoza ndi magalasi kumbuyo kwa Chitedze. Chitedze anatembenuka. Mwetulirani anali ataima pakhomo la wodi atagwirira chitseko, nkhope ili mbuu. Maso ake sanali pa nkhope ya Chitedze. Anali pa thumba la epuloni, pamene foni inali itayambanso kunjenjemera.

"Kasitomala wa diresi uja," anatero mwakachetechete. "Tandipatsa ndimuyankhe ndine."